Mbiri ya a Mabatani ndi Mendulo Yopalidwa Dzina

Malemu amene agona patsogolo pathupa anabadwa pa 9 Ogasiti 1950, ali mwana wachiwiri m'banja la ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri. Ine amene ndikuwerenga ndine mwana wa mlongo wawo wamng'ono. Ambiri mwa inu dzina lawo la pachiphaso simulidziwa n'komwe, mumangowadziwa kuti a Mabatani. Ndipepeseretu kuti mbiriyi italikirapo, ndipo muli zinthu zimene mabanja ena sanena pamaliro. Malemu ndiwo analamula kuti ziwerengedwe, ndipo achimwene awo aakulu, amene akhala pampando apowo, avomereza.

Bambo awo a malemu anali kalaliki wa pasiteshoni ya sitima, munthu wa dzanja lokongola moti anthu ankabwera kudzawapempha kuti awalembere makalata. Anapitako ku nkhondo yaikulu ija, ndipo anabwerako akutsimphina mwendo wakumanzere. Chaka chilichonse, pa tsiku lokumbukira asilikali, ankasita jekete lawo lakuda, n'kutsitsa kachitini ka fodya kamene kankakhala pamwamba pa kabati, n'kutulutsamo mendulo yoti apachike pachifuwa. Akamayenda choncho anthu ankawapatukira. Za nkhondoyo sankafotokoza. Mwana akafunsa ankangoti, "Tinaona zambiri, pita ukasewere."

Malemu anayamba sukulu mu 1957. Anali anzeru, koma aphunzitsi sankagwirizana nawo kwenikweni chifukwa cha funso limodzi limene silinkachoka pakamwa pawo. Aphunzitsi akati dziko limazungulira dzuwa, dzanja la malemu linali m'mwamba kale: "Mwadziwa bwanji?" Anakwapulidwa nalo funsoli kangapo. Sichinali chipongwe ayi, kungoti mtima wawo sunkakhazikika pa chinthu chimene sanachione okha. Ku sekondale anakhalako zaka ziwiri, n'kusiya mu 1967 ataona kuti manja awo amamvana ndi tizitsulo kuposa cholembera.

Mu 1968 anayamba kuphunzira ntchito kwa mkulu wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsalu. Mu 1974 anatsegula kachipinda kawokawo, pakati pa wometa tsitsi ndi wosoka nsapato, ndipo anakhala momwemo zaka makumi anayi ndi zisanu. Amene munawakonzetsako wotchi mukukumbukira tebulo la galasi lija, tizipaniro tating'ono tondandalikidwa pa nsalu yoyera, ndi galasi lokuzira zinthu limene ankalivala pa diso limodzi. Mukukumbukiranso kuti mawu a kasitomala sankawamvera. Munthu ukanena kuti wotchi yangoima yokha, ankaitsegula, kuinunkhiza, n'kukuyang'ana kuti, "Yagwera m'madzi ochapira iyi. Nenani zoona tiyambepo ntchito."

Amayi akunyumba anakumana nawo pa tebulo lomwelo mu 1976. Amayi anali mphunzitsi wachitsikana, ndipo anabwera ndi wotchi imene mnyamata wina wowafunsira anawapatsa. Malemu ataitsegula anati, "Kunjaku ndi golide wongopaka, m'katimu ndi zidutswa za mawotchi atatu. Amene wakupatsaniyo mumuyang'anitsitse bwino." Ukwati wawo unachitika pa 18 Disembala chaka chomwecho. Amayi mpaka lero amati sadziwa ngati wotchi ija inalidi yachinyengo, kapena inali njira yochotsera mnzawo panjira. Banjali linadalitsidwa ndi ana atatu, mu 1978, 1981 ndi 1985.

Pa 2 Juni 1983 bambo awo a malemu anamwalira. Achimwene aakulu anafuna kuti mendulo ija ipite nawo m'bokosi, ndipo anaipereka kwa malemu kuti aipukute iwale. M'mawa wa tsiku loika maliro, malemu anakhala patebulo lawo, navala galasi pa diso monga mwa chizolowezi, n'kuitembenuza. M'mphepete mwa mendulo zotere mumadindidwa dzina ndi nambala ya msilikali. Pamene pankayenera kukhala dzina panali posalala. Munthu anapapala ndi tupa yopalira chitsulo, mosamala, kenako n'kupapukuta kuti pasaoneke. Nambala inatsalako, koma manambala awiri omalizira anali ofufutika. Malemu anatenga chikalata chimene bambo awo anapatsidwa potuluka usilikali n'kufanizira. Sizinagwirizane ngakhale pang'ono.

Chimene anachita tsiku limenelo anakhala nacho mumtima zaka zambiri. Anaika chivundikiro cha wotchi yakale m'kachitini ka fodya kaja kuti kazilira munthu akakagwedeza, anakatseka, n'kukapereka kwa achimwene awo. Kachitiniko ndi kamene kanalowa m'manda. Mendulo inatsala m'thumba la jekete la malemu.

Kutolera zinthu za asilikali kunayambira pamenepo. Anafuna kudziwa mmene mendulo zimadindidwira, ndipo njira yake inali kuona zambiri. Msilikali wakale akabwera ndi wotchi, ankamukonzera n'kumupempha kuti akhale kaye pabenchi afotokoze kumene anamenya nkhondo. Nkhalambazo zinayamba kuwabweretsera tinthu, wina batani la yunifolomu, wina baji ya pachipewa, wina lamba wothetheka kapena botolo lachitsulo lomwera madzi. Mabatani ndiwo anachuluka. Anawasokerera m'mizere pa nsalu yobiriwira, ndipo dzina lawo lija linabadwira pamenepo. Pofika 1988 kachipinda ka kuseri kwa nyumba kanali katadzaza mpaka pawindo. Chinthu chilichonse chinali ndi kapepala komangirira ndi ulusi, kolembedwa mwini wake, tsiku limene chinabwera, ndi mawu akuti "chenicheni" kapena akuti "ndikukayika". Kunena zoona, timapepala ta "ndikukayika" nditambiri kuposa tinato. Bambo wina anawabweretsera chisoti chachitsulo chokhala ndi bowo, akuti la chipolopolo chimene chinapha amalume ake. Malemu analowetsa chala pabowopo n'kunena kuti chipolopolo chimenecho chinali chodabwitsa, chifukwa chinachokera m'kati mwa mutu kutulukira kunja, ndiponso chinali ndi makona anayi ngati msomali.

Kachipindako ankakakiya, kiyi ali pa chingwe m'khosi, ndipo chitseko chokiya chimabala manong'onong'o. Ena ankati muli mfuti, ena ankati a Mabatani akugwira ntchito ina yobisika. Loweruka lina m'mawa mu Epulo 1989 apolisi awiri anafika kudzafufuza. Mfuti sanaipeze. Anapeza chigoba cha chipolopolo chachikulu chimene amayi ankaikamo maluwa. Mmodzi wa apolisiwo, amene agogo ake anali msilikali, anakhala mpaka masana akuona mabaji. Koma malemu sanaiwale kuti pali wina amene anakanena. Anaganizira mnansi wawo wometa tsitsi uja, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankakameta kutsidya kwa msika. Wometayo tili naye pano lero, ndipo akukanabe.

Amayi nawonso anali ndi mafunso awo. Loweruka lililonse malemu ankasita malaya, kukwera basi osanena kumene akupita, n'kubwera madzulo ali duu. Makalata ankafika olembedwa ndi dzanja lachikazi pa envulopu, iwo n'kumawawerengera kuseri. Mu 1992 amayi anatopa nazo, anakwera basi yotsatira. Anakawapeza pa nyumba yosungirako asilikali okalamba, atakhala pa mpando wotsika pakati pa nkhalamba zinayi, akulemba m'kope. Mayi wa makalata uja anali kalaliki wa ku nyumba yosungira zikalata zakale. Pobwerera, ali m'basi, malemu anatulutsa mendulo ija n'kuwauza amayi zonse. Amayi amati anapsa mtima kawiri, koyamba chifukwa chowabisira zaka zisanu ndi zinayi, kachiwiri chifukwa makalata amene malemu ankatumiza ku maofesi anali olembedwa moipa moti n'zosadabwitsa kuti sankayankhidwa. Kuyambira pamenepo makalata onse ankalemba ndi amayi.

Ntchito inali yopeza mwini nambala. Pa manambala awiri ofufutika aja, loyamba likanatha kukhala 3 kapena 8, lachiwiri 1 kapena 7, kutanthauza kuti panali asilikali anayi oti awafufuze. Awiri anapezeka kuti sanalandirepo mendulo yotere. Wachitatu anafera kunkhondo, ndipo yake inali kwa abale ake, malemu anakaiona okha ndi galasi lawo. Anatsala mmodzi.

Mu Seputembala 1998 analoledwa kulowa m'chipinda chowerengera cha nyumba ya zikalata ija, ndipo anawabweretsera buku lalikulu la chipatala cha asilikali. Mmenemo anapeza nambala ija yonse. Mwini wake anali woyendetsa lole. Lole yake inaponda bomba lokwiriridwa mumsewu n'kuyaka, iye anatuluka, koma anabwereranso kumoto kawiri kukakoka anzake. Anadulidwa mkono wamanja, ndipo kudzanja lamanzere kunatsala chala chachikulu ndi china chimodzi. Mendulo anamuveka ali gone pabedi. Malemu ankati poyamba anangowerenga nkhaniyo, kenako maso awo anayamba kuona kalembedwe kake. Zilembo zopendekera kumanja, ndi michira yaitali ija pansi pa mizere, anazidziwa ngati nkhope. Linali dzanja la bambo awo. Bambowo anali kalaliki ndi wothandiza odwala mu wodi imene msilikaliyo anagonekedwa. Masamba angapo kutsogolo, wina analemba za bambo awowo, kuti bokosi la mankhwala linawagwera pamwendo akutsitsa katundu padoko. Kumalo omenyanirako nkhondo sanafikeko.

Malemu atabwera kunyumba anakhala osadya masiku awiri. Kumayambiriro kwa 1999 anapita kwa achimwene awo aakulu ndi mapepala onse, n'kuulula za kachitini kamene kanakwiriridwa kopanda mendulo. Panali mawu olemera tsiku limenelo. Achimwene anawatcha wakuba wobera akufa, anati afukula bambo awo kuti awavule pagulu, ndipo anawatulutsa m'nyumba. Alongo awo awiri, mayi anga ndi mayi aakulu, anagawikana, wina uku wina uku. Kwa zaka khumi ndi chimodzi abale awiriwa ankakumana pamaukwati ndi pamaliro osapatsana dzanja. Ife ana tinakula tikudziwa kuti pali nkhani, koma palibe amene ankatiuza mutu wake.

Malemu sanaleke. Anafuna kudziwa kumene woyendetsa lole uja anathera. Anayenda maulendo ambiri opanda pake, chifukwa adilesi ya m'bukumo inali ya nyumba zimene zinagumulidwa kalekale. Mu Meyi 2003 anapeza mwana wake wamkazi, mzamba wopuma pantchito. Mayiwa sanawalandire. Munthu wachilendo wovala tayi, wonyamula chikwama, wodziwa nambala ya usilikali ya bambo awo pamtima, anamuona ngati tambwali amene akufuna kuwanamiza kanthu. Ulendo woyamba anayankhulira pawindo. Ulendo wachiwiri anaitana ana awo aamuna kuti aime pakhomo. Ulendo wachitatu malemu sanagogode, anangolowetsa pansi pa chitseko pepala lojambulidwa kuchokera m'buku la chipatala lija, n'kukakhala pamwala kutsidya kwa msewu. Patapita ola chitseko chinatseguka.

Zimene anamva m'nyumbamo ndi izi. Msilikali uja anabwerako kunkhondo, anakwatira, anagwira ntchito yotsegula geti pa fakitale ina, ndipo anamwalira mu 1971. Ankauza anthu kuti analandira mendulo yaulemu koma inasowa pansi pa pilo m'chipatala. Palibe anamukhulupirira. Anzake apantchito ankamuchitira sawatcha yachipongwe, ndipo ana a mumsewu ankamuitana kuti a Mendulo. Mayi mzambayu anavomera, akulira, kuti nawonso ali mtsikana ankaona ngati bambo awo amangodzitonthoza ndi bodza. Koma anatulutsanso makalata awiri amene msilikaliyo anatumiza kwa makolo ake ali m'chipatala. Popeza analibe dzanja lolembera, wina ankamulembera, ndipo kalembedwe kake kanali komwe kaja. M'kalata imodzi munali mawu akuti, "Mnzanga amene akundilemberayu amandidyetsa ndi kundisambitsa ngati m'bale wanga." Mayiwa anakumbukiranso kuti tsiku lina bambo awo, atamwa pang'ono, ananena zosiyana, kuti mendulo ija anachita kuiponyera munthu chifukwa cha mkwiyo, poti chitsulo sichingabweze mkono.

Choncho malemu anatsala ndi nkhani ziwiri, yakuti bambo awo anaba, ndi yakuti anapatsidwa. Anthu amene ankafuna kuwatonthoza ankawauza kuti atenge yachiwiriyo. Iwo ankayankha kuti kaya anaba kaya anapatsidwa, dzina lija silinadzipale lokha, ndipo munthu wa zala ziwiri sangagwire tupa mosamala chonchija. Anapereka mendulo kwa mayi mzamba tsiku lomwelo. Mayiwa anawapempha kuti, popeza ndi mmisiri, adindenso dzina pamene linapalidwa. Malemu anakana, anati dzanja la banja lathu lagwirapo kale mokwanira pa chitsulo chimenecho. M'malo mwake anasula kachitsulo kamkuwa, analembapo dzina, nambala ndi zimene msilikaliyo anachita, n'kukhomerera zonse m'kabokosi ka galasi kamene kapachikidwa m'nyumba ya mayiwa mpaka lero. Zaka zotsatira analemba mbiri yonse ya msilikaliyo m'makope asanu, kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, ndipo paliponse pamene analibe umboni analemba m'mbali kuti alibe.

Mu 2010 achimwene aakulu anatulukira pa kachipinda ka mawotchi kaja, atanyamula wotchi ya m'thumba ya bambo awo, n'kuiika patebulo. Malemu anaitsegula, anaikonza, anaibweza, ndipo anayamba kuyankhulana za mvula ndi za ana. Za mendulo sanazitchulenso.

Mu 2019 maso a malemu anachita ng'ala, ndipo ngakhale anawachita opaleshoni, tizitsulo ta m'wotchi sankationanso bwino. Anatseka ntchito mu Novembala chaka chimenecho. Mu 2022 anapezeka ndi vuto la mtima. Anali wodwala wovuta, sitibisa. Botolo lililonse la mankhwala ankaliwerenga ndi galasi lawo, ndipo mapiritsi akasintha mtundu sankamwa mpaka dokotala afotokoze chifukwa chake. Pa 20 Januwale chaka chino miyendo inatupa, kupuma kunavuta, ndipo anagonekedwa m'chipatala.

Pa 3 Febuluwale masana, nthawi yoona odwala, achimwene aakulu anapempha kuti ana atuluke, atsale iwo, malemu ndi amayi. Zimene ndinene apazi achimwenewo andilola okha kuti ndinene. Anawauza malemu kuti ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku lina akusewera kuseri kwa nyumba ya kusiteshoni, anaona bambo awo atakhala pa chitsa, atapanikiza mendulo pabondo, akuipala ndi tupa, misozi ikutsika. Bambo atawaona anawagwira pamkono n'kuwauza kuti asadzanene kwa munthu aliyense. Anasunga mawuwo zaka makumi asanu ndi awiri. Mkwiyo wonse wa 1999 uja sunali woti mng'ono wawo akunama. Unali woti wapeza yekha chimene iwo analonjeza kubisa, ndipo pofuna kuti mendulo ikwiriridwe mu 1983 ankafuna kuti nkhaniyo ithere m'manda.

Amayi akuti malemu anayang'ana kudenga. Kenako anafunsa ngati bambo ananenapo mmene anaipezera. Achimwene anati sananene, ndipo iwo sanafunse. Malemu anati, "Ndiye kuti sitidzadziwa, achimwene." Anatambasula dzanja, achimwene analigwira, ndipo anakhala choncho mpaka belu lotulutsa alendo linalira. Malemu anatisiya pa 5 Febuluwale 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 73.

Za katundu wa m'kachipinda kaja, malemu anasiya mawu akuti chinthu chilichonse chibwerere kwa ana kapena zidzukulu za msilikali amene dzina lake lili pa kapepala, ndipo zotsala zipite ku nyumba yosungira zinthu zakale. Tikudziwitseni kuti chimwalirireni malemu pabwera kale anthu awiri, aliyense akuti chisoti chimodzimodzi ndi cha agogo ake. Chipindacho ndi chokiya, kiyi ali ndi amayi, ndipo aliyense wobwera abwere ndi dzina, nambala ndi chikalata.

Malemu asiya amayi akunyumba, amene akhala nawo zaka 47, ana atatu, mwamuna mmodzi ndi akazi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, achimwene awo aakulu ndi mlongo wawo mmodzi, amene ndi mayi anga.

M'malo mwa banja, tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira mafunso awo, anansi amene akhala nafe chiyambireni zovutazi, amisiri anzawo a mumzere wa mashopu uja amene akonza bokosi ndi galimoto, ndi asilikali opuma amene abwera ndi yunifolomu zawo ngakhale malemu sanagwirepo mfuti. Tikuthokoza mwapadera mayi mzamba aja, amene ayenda ulendo wautali pa msinkhu wawo ndipo akhala pakati pa abale kumanjaku. Atafika dzulo, achimwene aakulu ndiwo anapita kukawalandira pageti, ndipo anawapepesa m'dzina la bambo awo.

Amalume, mwagwira ntchito yanu, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.